Tsiku Limene Apongozi Anga Anakankha Galimoto

Zikomo apampando, zikomo madalaivala anzanga nonse. Manjawo asungeni kaye mumve nkhani yonse, mwina pomaliza mufuna kundigenda. Dzina langa ndine Filimoni, koma kuyambira ku Chezi mpaka ku Madisi mukafunsa Filimoni palibe akuyankheni. Funsani Kankhani. Dzina limeneli sindinabatizidwe nalo ayi, ndinalipeza ndi ntchito za manja anga, ndipo lero ndabwera kudzakuuzani mmene ndinalipezera.

Ndisanalowe muno ndinayamba ndazungulira pa siteji panjapa, kusuzumira m'magalimoto anu a hayibulidi. Abale inu, makina okoma! Mwana wanga wamkazi ali nayo yake. Tsiku loyamba kundinyamula, titafika potsetsereka injini inangoti zii. Ine mtima phaa, dzanja lili kale pa chitseko, ndikukuwa kuti, "Ima, ima, nditsike ndikankhe!" Mwana kuseka mpaka misozi. Akuti, "Ababa khalani pansi, ikuyendera batire." Galimoto yozimitsa yokha injini n'kumapitabe, petulo osapsa! Ndinamuuza kuti abwerere pamwamba titsikenso kachiwiri, ndimve bwinobwino. Ine zinthu zimenezi zimandisangalatsa, sindibisa.

Koma posuzumira paja ndaonanso china. M'magalimoto angapo, pamene pamayaka kagetsi kochenjeza kuti batire lalikulu ladwala, mwamatapo tepi yakuda. Wina wamatapo chithunzi cha timu yake ya mpira. Maina sinditchula, eni ake ndi awo akuyang'ana nsapato zawowo. Chimene mukuganiza ndikuchidziwa: batire limenelo mtengo wake ndi wa ng'ombe, galimoto ikuyendabe, tiona mwezi wa mawa. Mawu amenewo ndi anga. Ndinawayamba ndine, ambiri a inu musanabadwe.

Inali nthawi imene matipate anali atangoyamba, ifenso alimi wamba titaloledwa kumene kulima fodya wa bale. Ine kwathu ndi ku Chisepo, koma ndinali pa chikamwini kumapiri uko, kumalire a Dowa ndi Ntchisi, kwawo kwa mkazi wanga Rozina. Munda unali wa amayi ake, apongozi anga a Nabanda, mayi wamasiye, wochepa thupi koma pa khasu amuna ankatsalira. Fodya atatikomera, banja linagwirizana kuti tigule pikapu yakale ndiziyendetsa matola. Mudzi umenewo unali usanaonepo galimoto yogona pakhomo pa munthu. Wodwala ankapita kuchipatala pa ngolo, ndipo ena ankathera panjira.

Achinyamata ena mwina simudziwa, kwathu kuno mkamwini ndi apongozi aakazi amaopana. Ine ndi a Nabanda sitinkayang'anana kumaso, sitinkadyera pamodzi, tikakumana panjira wina ankapatukira kutchire. Akafuna kundiuza kanthu ankauza Rozina, ine ndili pomwepo: "Uwauze bambo a kwanu kuti denga la nkhokwe likudontha." Inenso kuyankha kwake kunkadzera mwa Rozina yemweyo. Si chidani ayi, ndi ulemu.

Pikapu ija inabwera ndi batire lakufa. Ndalama ya fodya inali itatha. Apongozi anatulutsa mtedza wawo wonse wa chaka chimenecho n'kugulitsa, ndipo anauza Rozina kuti, "Uwauze kuti galimoto wagula ndi fodya, koma batire ndagula ndine. Ndikadzadwala sindifuna ngolo." Mawu amenewo muwasunge.

Poyamba zinayenda, ndipo zinayenda bwino. Kiyi kungoti khethe, injini yadzuka. Ndinkanyamula anthu, mabelo, mbuzi, akwati, zonse. Koma zaka zimenezo zipani zinali mbwee. Loweruka lililonse msonkhano, ndipo wandale aliyense ankafuna chokuzira mawu. Kumudzi magetsi kunalibe, chokuzira mawu chinkafuna batire la galimoto. Ali nalo ndani? Filimoni! Sipanala m'thumba, kumasula mitu iwiri, batire pamutu, ulendo. Chipani sindinkasankha ine. Loweruka batire langa linkalonjeza anthu feteleza, Lamulungu masana linkatukwana amene analonjeza dzulo. Msonkhano ukatha linkapita kumowa kukaimba nyimbo za pa kaseti, mwini wake ndikumwa ulere, anthu akunditcha bwana. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Lolemba m'mawa kulibwezera m'galimoto, kupotokola kiyi, kwee, kwee, zii. Batire la galimoto silinapangidwire kukamidwa mpaka kuuma, ukalikama kawirikawiri limafa. M'malo moleka, ine ndinapeza nzeru. Dowa ndi mapiri okhaokha, zitunda Mulungu anatipatsa zaulere. Ndinayamba kugoneka galimoto pamutu pa chitunda, pansi pa mtengo wa mango, itayang'ana kumunsi, mwala kutsogolo kwa tayala. M'mawa kuchotsa mwala, giya yachiwiri, kusiya kilatchi, vuu! Msika uliwonse ndinali ndi kachitunda kanga. Kumene kunalibe chitunda kunali anthu. Munthu walipira kale, wakhala bwinobwino ndi dengu lake, ine mutu pa windo: "Kankhani!" Aphunzitsi anakankha, akatekisiti anakankha, mkwatibwi wina anakankha atavala velo.

Mankhwala a batire ndinayesa onse amene anthu akumowa ankandiuza. Kuliyanika padzuwa ngati ufa. Kuthiramo madzi a mvula. Kuponyamo mapiritsi a mutu. Wina anati mkodzo wa ng'ombe, ndipo musandifunse ngati ndinayesa. Kenako ndinazindikira kuti potsetsereka ndikhoza kuzimitsa injini, galimoto n'kumangotsika yokha, petulo osapsa. Mukuona? Hayibulidi yoyamba m'boma la Dowa inali yanga: theka petulo, theka anthu. Ndalama imene ndinkapulumutsa pa petulo, imene ikanagula batire lina, yonse inkathera m'botolo.

Rozina analankhula mpaka mawu anatha. Tsiku lina apongozi ali pakhonde akusenda mtedza anamuuza kuti, "Uwafunse, batire langa lija likuyenda bwanji?" Ine n'kuti, "Uwauze lili bwino, langotopa pang'ono. Tiona mwezi wa mawa."

Tsopano ndimvereni bwino, pano ndiyenda pang'onopang'ono.

Inali nthawi ya dzinja, Lolemba m'mawa, kamvula kakuwaza. Dzulo lake kunali msonkhano waukulu, batire linali litakamidwa mpaka dontho lomaliza, inenso mutu uli ndi matsire. Rozina anandigwedeza: "Dzukani, amayi sakupuma bwino." Anali atatsokomola kwa masiku, koma m'mawa umenewo chifuwa chinkalira ngati chitseko chadzimbiri. Tinayala mphasa kumbuyo kwa pikapu, tinawafunditsa bulangete, Rozina anakhala nawo komweko. Kutsogolo sakanakhala, pafupi ndi mkamwini. Ndinachotsa mwala, galimoto inatsika, injini inadzuka. Ndinati zatheka, Madisi tifika.

Kumunsi kwa mudziwo kuli dambo lalikulu, lathyathyathya, ndipo m'dzinja madzi amadutsa pamsewu. Masiku onse ndinkaliwoloka ndi liwiro. Tsiku limenelo mutu sunali wanga, ndinalowa ndi giya yolakwika, madzi anathovukira mu injini, inatsokomola kawiri n'kuzima. Pakati penipeni pa dambo.

Ndinatsika, ndinapukuta mawaya ndi malaya anga, ndinabwerera, ndinapotokola kiyi. Ngakhale kwee uja panalibe. Ndinayang'ana kutsogolo, chitunda chokwera. Kumbuyo, chitunda chokwera. Ndinakuwa, "Anthuni! Thandizeni!" Anandiyankha ndi achule. Anthu onse anali kuminda kuseri kwa phiri.

Rozina anatsika, anamanga chitenje, anayamba kukankha yekha. Galimoto inkangogwedezeka. Ndinatsika kukankha naye, dzanja limodzi pa chiwongolero, inayenda pang'ono, koma pothamangira kukakhala pa mpando kuti ndisiye kilatchi inali itaima kale. Tinayesa, tinayesanso. Kumbuyo kuja chifuwa chikungolira. Ndinauza Rozina kuti, "Yesa komaliza, ine ndikhala m'katimu."

Ndili pa mpando ndinamva galimoto ikupepuka. Inayamba kuyenda, kuyenda ndithu. Ndinayang'ana pa kagalasi. Mitu inali iwiri. Wina unali wa Rozina. Wina unali ndi duku la apongozi anga, bulangete litagwera m'madzi, timanja tawo tili pa chitseko chakumbuyo, pakamwa pali yasa kufuna mpweya.

Ndikanakuwa kuti asiye. Kwa zaka ndinkadzinamiza kuti unanditseka pakamwa ndi mwambo, poti mkamwini salankhula ndi apongozi. Bodza limenelo. Ndinakhala chete chifukwa ndinkafuna galimoto ilire. Ndinasiya kilatchi, injini inabangula, galimoto inalumpha, ndipo mayi amene ankatsamira pa iyo anagwa chafufumimba m'matope.

Sindinaime. Ndikanaima matayala akanamira, injini ikanazimanso. Ndinakwera nayo mpaka pamwamba pa chitunda. Kutsika kukawathandiza sindikanathanso, chifukwa ndikachotsa phazi pa moto inkafuna kuzima. Ndiye ndinakhala pamenepo, bambo wamkulu, phazi pa moto, maso pa kagalasi, ndikuonerera mkazi wanga akukwera phiri atabereka mayi ake kumsana, onse awiri matope okhaokha. Abale, ndaonapo zinthu pa msewu, koma chimene ndinaona m'kagalasi kaja sichinandichokebe m'maso.

Ku Madisi anati ndi chibayo, ndipo anawagoneka. Namwino anafunsa kuti wodwala wanyowa chonchi bwanji. Rozina anangoti, "Anagwa." Titatuluka panja anandiyang'ana n'kufunsa kuti, "Batire la amayi lili kuti?"

Ndinati, "Lili m'galimoto."

Iye anati, "Ayi. Munalimwa."

Apongozi anakhalitsa m'chipatala, ndipo panali masiku amene tinkati sadzuka. Anadzuka, koma chifuwa chawo sichinabwererenso mwakale. Atatuluka, ankhoswe anakhala pansi, ndipo nkhani sinatalike. Anati Filimoni abwerere kwawo ku Chisepo. Galimoto itsala, poti inachokera m'munda wa eni mudzi. Kiyi anapatsa apongozi. Ndinachoka ndi kachikwama, ana anga akusuzumira pa windo, Rozina atatembenukira kukhoma.

Ku Chisepo sindinakhalitse, manyazi anandithamangitsa. Ndinakatulukira pa siteji ya Mponela. Mwini galimoto aliyense ankandidziwa, palibe akanandipatsa chiwongolero. Ndiye mukudziwa ntchito imene ndinapeza? Kukankha. Magalimoto a mabatire akufa anali ambiri, si ine ndekha ndinali ndi nzeru zija. Dalaivala akangokuwa kuti "Kankhani!" sankauza anthu, ankaitana ine. Malipiro ake kabotolo ka kachasu. Kugona m'khonde la sitolo, kusamba mvula ikagwa. Nsapato ndinagulitsa, laisensi ndinapinyolitsa. Munthu amene ankatchedwa bwana pa misonkhano ya ndale, tsopano ana asukulu ankandiimba nyimbo.

Dzinja linatha, kunja kunauma. Tsiku lina la msika, dzuwa lili pamutu, pikapu ina yodzaza anthu inakana kulira. Ndinaitanidwa. Ndinaika manja pa chitseko chakumbuyo, ndinawerama, ndinayamba kukankha. Ndikudzutsa mutu, maso anga anagwera pa duku lomwe lija. Apongozi anga a Nabanda, atakhala kumapeto kwenikweni, ataonda, ambulera m'manja, akuchokera kuchipatala kokaonedwa chifuwa. Nkhope yawo ndi yanga, mpata wake ngati apa ndi apa.

Mwambo umati thawa. Sindinathawe. Ndinangoweramitsa mutu n'kumakankhabe, ndikupempha nthaka kuti ing'ambike. Ndinkayembekeza kuti adziphimba kumaso ndi chitenje. Sanadziphimbe. Anatembenukira kwa mayi wina wachilendo amene anakhala naye pafupi, n'kunena mokweza kuti, "Mayi, tawauzani bambo akukankhawa aikepo phewa. Manja okha amaterera. Ine ndinaphunzirira pa dambo."

Galimoto yonse inaseka, osadziwa chimene akuseka. Ine misozi inali ikugwera pa nambala ya galimoto. Ndinaikapo phewa.

Kenako ndinaona zala zawo zikumasula mfundo ya pa ngodya ya chitenje, paja amayi amamangapo ndalama. Anapitiriza kulankhula ndi mayi uja: "Muwauzenso kuti galimoto ili pomwe anaisiya, nkhuku zikuikiramo. Mwana wa mnansi wathu wabadwira pa ngolo. Adzukulu anga akufunsa. Akafuna kubwera abwere, koma abwere okha, opanda anthu okankha."

Pomwepo dalaivala anasiya kilatchi, injini inabangula, galimoto inalumpha, ndipo ine ndinagwa chafufumimba m'fumbi. Ndendende mmene anagwera iwo. Nditatsegula maso, pafupi ndi mphuno yanga panali kiyi wa pikapu yanga, ali ndi kansalu kofiira kamene ndinamangirirapo ndekha kale.

Abale, mayi ameneyu ndinamugwetsa m'matope akudwala, ndipo kiyi ameneyo ankayenda naye pa chitenje miyezi yonseyo. Dalaivala wina anabwera ndi kabotolo kanga ka malipiro. Ndinakayang'ana, ndinayang'ana kiyi. Ndinati, "Imwani nokha." Ndinanyamuka wapansi, fumbi lili kumaso, kulowera ku Chisepo.

Musaganize kuti kuyambira pamenepo zinangoti myaa. Masiku oyamba manja ankanjenjemera moti madzi ankatayikira ndisanafikitse kukamwa. Chimene ndinachita choyamba n'kuchoka pa siteji, chifukwa ludzu langa linkakhala pamenepo. Ndinapita kwa achemwali anga aakulu, mayi wosaseka ndi munthu, ndinawauza zonse, za pa dambo zomwe. Anandiperekeza ku mphakati, kagulu kathu ka mapemphero ka m'mudzi, ndinakaima pamaso pa akhristu anzanga n'kunena ndekha ndi pakamwa panga. Chinthu ukachitchula pagulu chimachepa mphamvu, n'chifukwa chake mpaka lero ndimachitchulabe.

Ndinapeza ganyu yosankha fodya ndi kudinda mabelo. Malipiro sankafika m'manja mwanga, ankapita kwa achemwali. Ndikapempha ya sopo ankandipatsa sopo. Ndinagwapo kamodzi, pa ukwati wa msuweni, sindikubisirani. M'mawa mwake achemwali sanandikalipire, anangoika kiyi uja m'mbale yanga m'malo mwa chakudya. Sindinabwerezenso.

Ndalama itafika theka la mtengo wa batire latsopano, kunabwera munthu ndi batire logwiritsidwa kale ntchito, lopukutidwa bwino, lonyezimira. Akuti, "Achimwene, ili n'latsopano ndithu, langogona pang'ono." Mtima unati tenga, upite kwa ana ako mawa. Koma mawu akuti langogona pang'ono ndinawazindikira, anali achibale a mawu anga aja akuti langotopa pang'ono. Ndinakana, ndinabwerera ku mabelo. Inu a hayibulidi, anthu amenewa akadalipo. Amabwera ndi tizidutswa ta batire tochotsa m'galimoto yakugwa, akuti tisinthe kamodzi kokha aka. Mwezi usanathe kagetsi kayakanso, mwagula kena. Pitani kwa makaniko amene ali ndi makina oyezera, akuuzeni zoona za batire lonse, ngakhale zoonazo zikhale zowawa.

Ndipo ndikuuzeni chimene ndinaphunzira mochedwa. Galimoto zanuzi zimamwa petulo pang'ono, n'zoona, ndipo madzulo m'thumba mumatsala kanthu kuposa anzanu. Kanthu kameneko si kanu konse ayi. Mbali ina ndi ya batire, chifukwa ndi limene lagwira ntchitoyo, ndipo tsiku lina lidzafuna kulowedwa m'malo. Patulani tsiku lililonse musanagule kanyenya, mupatse munthu wosaseka nanu asunge. Komanso batire lanulo limapuma. Kumpando wakumbuyo kuli timabowo tolowera mphepo yoliziziritsa, ndipo ndaona ena mwatsekapo ndi thumba la mtedza. Fumbi la ku Dowa mukulidziwa. Pukutanipo, musatsekepo, likatenthedwa limakalamba msanga.

Tsiku limene ndalama inakwana ndinakagula batire latsopano m'sitolo, la m'katoni. Ndinabwereka njinga, ndinalimanga pa kaliyala, ndinayamba kukwera mapiri. Pokwera ndinkakankha njinga, ndipo kwa nthawi yoyamba kukankha kunandikomera. Asidi anadontha pang'ono n'kudya thalauza langa kumbuyo, moti ndinalowa m'mudzi ndikuyenda chammbali ngati nkhanu. Koma ndinkaimba, abale, ndinkaimba njira yonse!

Rozina anali pakhomo akupeta. Sanaseke, sanaimirire. Anafunsa kuti, "Mwabwera ndi yani?"

"Ndekha."

"Nanga icho?"

"Ndi batire la amayi."

Anapitiriza kupeta. Ankhoswe anakhalanso pansi, anandilola kukonza galimoto, koma anati za banja zidikire mawu a apongozi. Ndinachotsa zisa za nkhuku, ndinapopa matayala, ndinakhetsa petulo wakale, ndinasintha oyilo. Ndinaitana wowotcherera zitsulo kuti aike chitsulo chopingasa pamwamba pa batire, ndi loko. Kiyi wa lokoyo ndinapatsa Rozina kuti akapereke kwa amayi ake. Andale anabwera Loweruka lomwelo, nsalu zawo zili phephephe, akuti bwana mwabwera, tibwerekeni batire. Ndinati kiyi ali ndi a Nabanda, kapempheni. Palibe anapita.

Galimoto inali pansi pa mango paja, pamutu pa chitunda. Mwala sindinachotse. Ndinapotokola kiyi, khethe, vuu! Ana kulumpha, amayi nthungululu, ine ndikuimba hutala ngati wamisala. Ndinati basi, mlandu watha. Koma apongozi anali pakhonde, akusenda mtedza, osadzutsa mutu. Anauza Rozina kuti, "Pachitunda ngakhale dzungu limagubuduka. Uwauze atitengere ku dambo."

Mudzi wonse unatitsatira wapansi. Apongozi anakwera kumbuyo ndi Rozina, pa mphasa, ngati tsiku lija. Tinatsika. Titafika pakati penipeni pa dambo ndinamva kugogoda padenga, go go go. Ndinaima. Mawu a Rozina anabwera pa windo: "Akuti muzimitse."

Ndinazimitsa. Kunangoti zii. Kutsogolo chitunda, kumbuyo chitunda. Anthu anaima patali, manja kumbuyo, ndipo ndinadziwa kuti auzidwa kuti wina asakhudze galimoto. Batire linali latsopano, ndinkadziwa, koma thukuta linkatsika mpaka m'nsapato. Ndinkaganiza za waya wina amene mwina khoswe anadya, za mitu imene mwina sindinamange bwino. Banja langa lonse linali pa kakiyi kameneka. Apongozi sanafulumire. Anandisiya ndikhale m'chete mmenemo mpaka ndinamva chifuwa chawo chikulira pang'onopang'ono kumbuyo kwanga, kulira kumene ndinawapatsa ine.

Kenako Rozina anati, "Akuti lizani."

Khethe. Vuu!

Abale inu! Kamodzi! Anthu anakuwa, zipewa m'mwamba, ine ndinagwetsa mutu pa chiwongolero. Ndikudzuka ndinayang'ana pa kagalasi, ndipo mtima unaima: apongozi akutsika. Ndinati kodi ndalakwanso chiyani? Anayenda pang'onopang'ono m'mbali mwa galimoto, atagwira ambulera yawo, anafika pa chitseko chakutsogolo, anatsegula okha, anakwera, anakhala pa mpando pafupi ndi ine. Anakonza chitenje. Kenako anandiyang'ana m'maso, koyamba chikwatirireni mwana wawo, ndipo sanatume munthu.

Anati, "Tiyeni kunyumba, mwananga. Kumbuyoku kuli fumbi."

A Nabanda anakhala nafe zaka zambiri pambuyo pake, ndipo ulendo uliwonse wa kuchipatala ankakhala kutsogolo. Ngolo sanakwerenso. Koma chifuwa chija sichinawasiye mpaka tsiku limene tinawaperekeza, ndipo palibe batire limene ndikanagula loti lichotse zimenezo. Rozina ndi uyo wakhala kumbuyoko, wa duku lobiriwirayo, mukamufunse ngati ndawonjezera kanthu. Kiyi wa loko uja ndi uyu, amayenda m'thumba mwanga.

Ndiye inu a tepi yakuda, ndinafunsa mwana wanga kuti hayibulidi ikafa pa dambo amaikankha bwanji kuti ilire. Anati, "Ababa, imeneyi sililira kukankha. Ngakhale mudzi wonse ubwere." Mwamva? Ine ndinali ndi mwayi woipa umenewo, inu mulibe n'komwe. Ndipo tsiku limene idzakukanireni simudzasankha ndinu, ngakhale amene adzakhale atagona kumpando wakumbuyo simudzasankha ndinu.

Msonkhano ukatha ine ndiima pa geti. Zikhadabo ndili nazo zazitali. Amene manja akumulemera andiitane, tikamatule tepiyo limodzi.